Za Munthu Wolephera Kudziletsa: Kodi Ndi Chimo Kapena Nthenda?

Nkhani ya mwezi uno ndi yolemera pakamwa, ndipo makolo athu sakadaikamba pabwalo pali ana. Tidzayesa kuinena ndi ulemu, koma sitidzaibisa, pakuti cironda cokulungidwa m'nsaru masiku onse sicipola, cingonyeka m'kati.

M'midzi yambiri muli munthu amene anzace anong'onezana za iye akapita. Pena ndi mwamuna wa banja, pena ndi mkazi, pena ndi mnyamata wogona ndi foni m'manja, napenya zithunzi zolaula kufikira tambala alira. Akuru a mpingo amuitana, iye abvomera mlandu wace, nalira misozi yeniyeni, nalonjeza kuleka. Isanathe miyezi itatu wagwanso m'dzenje lomwelo. Pamenepo anthu agawikana. Ena ati, Ali ndi mtima wa garu. Ena ati, Anamlodza. Ena ati, Nciwanda. Ndipo masiku ano kwafika mau ena, ocokera pa wailesi ndi pa intaneti, akuti, Iai, munthuyo adwala. Ali ndi cibaba ca cigololo monga cidakwa ciri ndi cibaba ca kacasu.

Tsono ife tinene ciani? Funso ili si lacabe, pakuti pa yankho lace pakolowekedwa maukwati, ndi ana, ndi moyo wa munthu mwini. Cifukwa cace tisanaweruze, tiyenera kumva bwino cimene madotolo a nthenda za maganizo anagwirizana pa nkhaniyi, ndi cimene anakana kugwirizana.

Kumene mauwa anacokera

Kuzizwa ndi cilakolako copitirira muyeso sikunayambe lero. M'caka ca 1812 dotolo wa ku Philadelphia, m'dziko la America, dzina lace Benjamin Rush, analemba buku la nthenda za maganizo, naikamo mutu wonena za anthu amene cilakolako ca kugonana cinawasautsa ngati nthenda. M'caka ca 1886 dotolo wina, Richard von Krafft-Ebing, wophunzitsa ku Austria, analongosolanso anthu otere m'buku lace. Koma mau akuti cibaba anafala kwambiri kuyambira m'caka ca 1983, pamene Patrick Carnes wa ku America anaturutsa buku lonena kuti anthu ena amangidwa ndi kugonana monga ena amangidwa ndi mowa. Iye anati munthu wotere azungulira ngati ng'ombe yomangidwa pacikhomo: ayamba ndi kulingalira kosaleka, natsata tinjira tace tozolowereka, nacita cinthuco, nagwa m'cisoni ndi manyazi, ndipo pofuna kuziziritsa manyaziwo abwerera ku lingaliro lomwe lija. Buku lace lisanaturuke, m'zaka za 1976 kufikira 1979, anthu obvutika motero ku America anali atayamba kale timagulu tothandizana, potsanza gulu la ofuna kuleka mowa lochedwa Alcoholics Anonymous, limene linayamba m'caka ca 1935.

Mauwo anathamanga pakati pa anthu, koma madotolo sanathamange nao. Dotolo sakhoza kulemba nthenda iriyonse imene aimva pamsika. Alipo mabuku akuru awiri m'mene maina a nthenda za maganizo alembedwa pamodzi ndi zizindikiro zace, monga anthu a m'mudzi alembedwa m'kaundula wa mfumu. Ndipo dzina sililowa m'menemo popanda mboni zokwanira. Buku loyamba lichedwa DSM, ndipo eni ace ndi bungwe la madotolo a nthenda za maganizo a ku America. Laciwiri lichedwa ICD, ndipo mwini wace ndi bungwe loyang'anira umoyo wa anthu a maiko onse, World Health Organization, limene likulu lace liri ku Geneva.

Buku limene linakana

Buku la ku America, m'makonzedwe ace a 1987, linachula cibaba ca kugonana pang'ono, monga citsanzo cabe. Ndipo m'makonzedwe a 1994 mauwo anacotsedwa. M'caka ca 2010 dotolo wina, Martin Kafka, anapempha kuti alembemo nthenda ya cilakolako copambanitsa, nalongosola zizindikiro zace. Zizindikirozo zinayesedwa pa odwala m'zipatala, koma kumapeto kwa 2012 akuru a bungwelo anakana, kotero kuti buku la 2013 linaturuka lopanda dzinalo, ndipo polikonzanso m'caka ca 2022 sanaliikemo. Tizindikire kuti m'buku lomwelo la 2013 analandira kuchova juga kosaleka kuti ndi cibaba ceniceni, nakuika pamodzi ndi mowa, fodya ndi camba. Juga inalowa, koma kugonana kunatsala pakhomo.

Zifukwa zimene otsutsa ananena ndi zoyenera kuzisinkha. Anati umboni unali wocepa. Anaopanso kuti anthu abwinobwino, amene angokhala ndi cilakolako camphamvu, adzayesedwa odwala. Ndipo anaopa kuti dzinalo lidzagwiritsidwa nchito molakwika m'mabwalo a milandu. Mantha awa si acilendo kwa ife, pakuti ndi omwewo amene mkuru wa mpingo akhala nao pakumva mau akuti munthu wacigololo adwala.

Buku limene linabvomera, koma ndi dzina lina

Bungwe la ku Geneva linayenda njira yina. Makonzedwe ace atsopano, ochedwa ICD-11, anaonetsedwa m'caka ca 2018, nalandiridwa ndi msonkhano wa maiko m'mwezi wa May 2019, nayamba kugwira nchito pa 1 January 2022. M'menemo muli nthenda yochedwa Compulsive Sexual Behaviour Disorder, ndipo nambala yace ndi 6C72. M'cinenero cathu tinganene kuti ndi nthenda ya kulephera kudziletsa pa za kugonana.

Koma cherani makutu apa. Nthendayi sanaiike m'nkhokwe ya zibaba, mmene muli mowa, ndi juga, ndi kumangidwa ndi masewera a pa kompyuta. Anaiika m'nkhokwe yina, ya nthenda za kulephera kuletsa cikhumbo cobuka mwadzidzidzi, pamodzi ndi munthu wosakhoza kuleka kuba zinthu zimene sazisowa, ndi wosakhoza kuleka kutentha zinthu ndi moto, ndi wophulika mkwiyo kopanda muyeso. Mau akuti cibaba anawapewa dala.

Nanga anawapeweranji? Cibaba ca mowa ciri ndi zizindikiro zodziwika bwino. Munthu amene kale analedzera ndi cipanda cimodzi, lero afuna zitatu. Ndipo akaleka mwadzidzidzi, manja anjenjemera, thukuta lituruka, pena agwa ngati wakhunyu. Pa za kugonana madotolo sanapeze umboni wokwanira wakuti thupi licita momwemo. Kufanana kwina kulipo ndithu. M'caka ca 2014 Valerie Voon ndi anzace a ku Cambridge, m'dziko la England, anajambula ubongo wa amuna 19 obvutika motero ndi amuna 19 osabvutika. Anapeza kuti poona zithunzi zolaula, mbali za ubongo zimene zidzuka mwa munthu wa cibaba ca mankhwala ozunguza bongo zinadzuka kwambiri mwa obvutikawo; ndiponso kuti iwo anakhumba zithunzizo koposa anzao, koma sanakondwere nazo koposa anzao. Ici ncodabwitsa: kukhumba kukula, kukondwera sikukula. Komabe amuna 38 ndi ocepa, ndipo kujambula kotere sikunena ngati ubongo unali wotero ciyambire, kapena unasanduka cifukwa ca cizolowezi. Cotero bungwe la ku Geneva linabvomera kuti kusautsidwa kwa anthuwa nkoona ndipo kufuna cithandizo, koma funso lakuti ndi cibaba kapena iai analisiya kuti lifufuzidwebe.

Zizindikiro zace

Dotolo wotsata bukuli sawerenga kuti munthu agonana kangati. Moto waukuru wa pa mafuwa uphika nsima ya anthu ambiri ndipo suopsa. Koma kamoto kakang'ono kakalumphira ku denga, mudzi wonse udzuka. Funso ndi lakuti, Kodi mwini moto akhoza kuuletsa?

Cizindikiro cacikuru ndi kulephera kobwerezabwereza kuletsa cilakolako camphamvu, kotero kuti munthu acita cinthu cimodzimodzi kawirikawiri. Ici cioneka m'njira izi. Za kugonana zisanduka mzati wa moyo wace, kufikira aleka kusamala thupi lace, munda wace, nchito yace ndi ana ace. Ayesa kuleka kapena kucepetsa nthawi zambiri ndi mtima wonse, nalephera. Apitiriza ngakhale waona kale zowawa zace, monga kutha kwa ukwati, kucotsedwa nchito, ngongole ndi nthenda. Apitiriza ngakhale sapezamonso cikondwerero. Izi ziyenera kukhala za nthawi yaitali, monga miyezi 6 kapena kuposapo, ndipo ziyenera kumsautsa kwakukuru kapena kuononga moyo wace wa pabanja, wa panchito ndi wa pakati pa anzace.

Amene sali odwala

Bukuli licenjeza za anthu amene sayenera kuchedwa ndi dzinali, ndipo pano ife a mpingo tiri ndi cophunzira.

Woyamba ndiye munthu wa cilakolako camphamvu amene acilamulira. Iye sadwala. Momwemonso mnyamata kapena namwali wongokula kumene, amene thupi lace labukamo zilakolako zatsopano, asafulumire kudziyesa wodwala, pakuti izi ziri m'cibadwidwe ca msinkhu wace. Iye asowa mlangizi wofatsa, osati dzina la nthenda.

Waciwiri ndiye munthu amene kusautsidwa kwace konse kucokera ku cikumbumtima, ndi ku kudziwa kuti cimene acita citsutsana ndi cikhulupiriro cace kapena mwambo wa kwao. Bukuli linena poyera kuti kusautsidwa kotere pa kokha sikukwanira kumucha munthu wodwala. Kufufuza kwa Joshua Grubbs ndi anzace ku America, kuyambira m'caka ca 2015, kunaonetsa kuti anthu opembedza afulumira kudzicha a cibaba ca zithunzi zolaula, ngakhale saziona kopambana anzao. Tisamve molakwa. Madotolo sanena kuti cikumbumtima ndi cabodza, pakuti kuweruza cabwino ndi coipa si nchito yao. Angoti kuwawa kwa cikumbumtima si nthenda. Ndipo ife tibvomerezana nao, pakuti cikumbumtima cimene ciwawa ndi camoyo, ndipo mankhwala ace ndi kulapa ndi kukhululukidwa, si mapiritsi. Mnyamata amene wagwa kamodzi kapena kawiri, nadzicha kapolo wosaomboleka, ataya mtima pacabe, ndipo kutaya mtima ndiko kudzamgwetsanso.

Wacitatu ndiye munthu amene khalidwe lace lasanduka cifukwa ca nthenda yina. Mankhwala ena a nthenda ya kunjenjemera, yochedwa Parkinson, adzutsa mwa odwala ena cilakolako cimene analibe, ndipo dotolo akasintha mankhwalawo, kawirikawiri cizirala. Nthenda ya maganizo imene ikweza munthu m'mwamba kwa masabata, osagona tulo, namwaza ndalama, nalankhula kosaleka, icitanso comweco. Kubvulala m'mutu, nthenda zina zoononga ubongo wa akuluakulu, ndi mankhwala ozunguza bongo zicotsanso manyazi a munthu. Nkhalamba imene inayenda bwino zaka zace zonse, niyamba mwadzidzidzi kucita zamanyazi, isafulumire kuchedwa mfiti kapena wonyenga. Ipite nayo ku cipatala.

Ndipo alipo wacinai, amene ife timuonjezera pa kuwerenga kwathu: munthu wocita cigololo cifukwa wafuna. Nkhani ya mfumu Davide ndi mkazi wa Uriya, m'buku laciwiri la Samueli, itionetsa munthu wotere. Iye anapenya, nafunsa, natuma mithenga, nakonza ciwembu, nalemba kalata ya imfa ya mnyamata wace wokhulupirika. Uyu si munthu wolephera kudziletsa. Ndi munthu wogwira zingwe zonse m'manja mwace, naziongolera ku coipa. Cifukwa cace Natani sanapite kwa iye ndi mankhwala, koma ndi mau omlasa mtima.

Odwala enieni si ambiri monga anthu ayesa, koma si ocepanso. M'caka ca 2023 Beáta Bőthe ndi anzace anaturutsa kufufuza kwa anthu oposa 82,000 a m'maiko 42, napeza kuti pafupifupi 5 mwa anthu 100 alionse anaoneka kuti angakhale ndi bvuto ili. Ciwerengero ici cinacokera ku mayankho a anthu eni, si ku ciweruzo ca dotolo. Koma cikwanira kutidziwitsa kuti m'msonkhano waukuru wa Sabata, munthu wotere akhoza kukhala pa mphasa imodzi ndi ife.

Maenje awiri

Tsono njira yathu iri ndi dzenje kumanja ndi dzenje kumanzere.

Dzenje loyamba ndilo kucha chimo lirilonse nthenda. Mwamuna agwidwa, nati, Musandidzudzule, ndidwala. Iai, mbale. Dzina la nthenda silisambitsa mlandu. Cidakwa cimene cathyola dzanja la mkazi wace cidwaladi, koma dzanjalo ndi lothyokabe. Ndalama za sukulu zathera m'njira, nthenda zalowa m'nyumba, mkazi wagona ndi misozi. Akuru anati nkhuyu zodya mwana zinapota wamkuru, koma pano wamkuru ndiye adya, ndipo ana ndiwo apotedwa. Wodwala weniweni adziwika ndi ici, kuti afuna cithandizo, nabvomera kumangiridwa mipanda. Wonyenga afuna dzina lokha, nakana mipanda. Ndipo tinene momveka: wogwirira mkazi, kapena wokhudza mwana, wacita mlandu wa boma. Palibe buku la madotolo limene limmasula, ndipo mpingo usambise. Nkhaniyo ipite ku polisi, ndi mwanayo atetezedwe tsiku lomwelo.

Dzenje laciwiri ndilo kucha nthenda iriyonse chimo lokha, ndi kuyesa kuti mkwapulo wa mau udzaciritsa. Munthu wolephera kudziletsa wadzikwapula kale yekha usiku uliwonse. Kumcititsa manyazi pamaso pa anthu ndiko kuthira mafuta pamoto, pakuti ambiri a iwo athawira ku cinthuco pofuna kuiwala cisoni, nkhawa ndi kusungulumwa. Pamene ophunzira anaona munthu wobadwa wosaona, anafuna kudziwa wocimwa ndani. Koma Ambuye sanatsate funso lao, anamtsegula maso. Ndipo mkazi wogwidwa m'cigololo sanamponye miyala, komanso sanayese kucita kwace cinthu cacabe. Anagwira zonse ziwiri, cifundo ndi coonadi, ndipo ife tisataye cimodzi pofuna kusunga cinzace.

Cimene tingacite

Inu akuru a mpingo ndi amai a cigwirizano, simuli madotolo, ndipo musache munthu dzina la nthenda. Koma mukhoza kufunsa mafunso anzeru m'tseri, anthu awiri kapena atatu okha. Kodi izi zinayamba liti? Kodi wayesa kuleka kangati, ndipo unayesa motani? Kodi zakutayitsa ciani? Kodi ukondwera nazobe, kapena ungokokedwa? Kodi ugona tulo, umwa mowa, uli ndi cisoni cosatha, umwa mankhwala ena? Mukaona kuti munthu walimbana zaka, nataya zambiri, nagwabe, mperekezeni ku cipatala ca pafupi, mupemphe woona za nthenda za maganizo. Ku Malawi kuli cipatala cacikuru ca nthendazi ku Zomba, ndiponso ca St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Kupita kumeneko sikunena kuti munthu wapenga, ndiponso si kucepa kwa cikhulupiriro, monganso wothyoka mwendo sacimwa pakumangitsa mwendo wace. Ndipo cinsinsi cimene mwamva cisaturuke pakamwa panu ku citsime kapena ku cigayo.

Cithandizo cacikuru ca madotolo ndico kukambirana ndi mlangizi wophunzira nchitoyi. Iye aphunzitsa munthu kuzindikira nthawi, malo ndi maganizo amene amtsogolera ku dzenje: kukhala yekha usiku ndi foni, mowa, ndalama zambiri m'thumba atagulitsa mbeu, mkwiyo wa m'nyumba, ulendo wa kutali ndi banja. Akazindikira, alambula njira moto usanafike, monga ticita pozinga nkhokwe m'cilimwe. Kawirikawiri pamodzi ndi bvutoli pakhala nthenda ya cisoni cacikuru, kapena nkhawa, kapena ucidakwa, ndipo izi ziyenera kuciritsidwa pamodzi. Alipo mankhwala amene madotolo ayesa pa anthu ena, monga a nthenda ya cisoni, ndi ena ochedwa naltrexone amene athandizanso zidakwa. Koma palibe mankhwala opangidwira nthendayi yokha, ndipo munthu asagule kanthu pamsika. Colinga ca cithandizo si kupha cilakolako, pakuti ico ndi mphatso yabwino m'malo mwace, koma kubwezera munthu ulamuliro wa thupi lace.

Inu amai, kapena inu abambo, amene mwakhala m'nyumba ndi munthu wotere, imvani ici: bvutoli silinadze cifukwa nsima yanu ndi yosapsa kapena nkhope yanu yakalamba. Musasenze mlandu wa wina. Kayezetseni magazi nonse awiri, ndipo mudziteteze. Palibe lamulo la Mulungu lakuti mulandire nthenda mwakacetecete. Kukhululuka ndi kwina, kukhulupiriranso ndi kwina. Coyamba cingaperekedwe lero, caciwiri cimangidwa pang'onopang'ono ndi nchito zooneka.

Ndipo iwe mbale, iwe mlongo, amene uwerenga mau awa mtima ukugunda, pakuti wadziona m'menemo: usanene kuti palibe wina pa dziko lapansi wonga iwe. Madotolo a maiko ambiri anakhala pansi zaka zambiri kukambirana za bvuto lako, ndipo ngakhale sanagwirizane pa dzina, ambiri a iwo abvomera kuti kusautsidwa kwako nkoona, ndi kuti cithandizo ciripo. Walonjeza wekha m'mdima kambirimbiri, ndipo wekha wagwa. Mutu umodzi susenza denga. Sankha munthu mmodzi wokhulupirika mlungu uno, umuuze zonse, osabisa theka. Bweza cimene ukhoza kubweza kwa amene unawalakwira. Ukagwanso, usabisale, dzuka, nena, yambanso.

Cotero, abale, pa funso lathu lija, Kodi ndi chimo kapena nthenda? tiyankha kuti mwa munthu wina ndi chimo lofuna kulapa, mwa wina ndi nthenda yofuna dotolo, ndipo mwa wina ziri zonse ziwiri zopotana ngati cingwe. Nchito yathu ndiyo kudekha kufikira tizindikire munthu amene ali pamaso pathu, kuti tisapatse wolapa mapiritsi, kapena wodwala mkwapulo, kapena wonyenga pobisala.

Mulungu wa cifundo ndi coonadi atipatse nzeru zakusiyanitsa, ndi mtima wakunyamulana. Tsalani mu mtendere kufikira mwezi wa mawa.